Zaka m'Chisipanishi, yambirani ku Chichewa

Achemwali, mwafunsa ngati "I am 21 years old" ndi "Soy 21" m'Chisipanishi. Ayi, pamenepo chakusocheretsani ndi Chingerezi. Pa nkhani ya zaka Chisipanishi chimayenda ngati Chichewa chathuchi. Ife timati "ndili ndi zaka 21", iwonso amati "tengo veintiún años". Tengo ndiye "ndili ndi". Soy ndi "ndine", monga soy enfermera, ndine namwino.

Mukagwira tengo ameneyu zambiri zimangobwera zokha: tengo hambre, ndili ndi njala, tengo sed, ndili ndi ludzu, tengo sueño, ndili ndi tulo, tengo miedo, ndili ndi mantha. H wa mu hambre satchulidwa, mungoti "ambre". Ngakhale kutentha ndi tengo calor. Musayerekeze kunena estoy caliente, ambiri amamva zakuchipinda.

Tsono samalani ndi kanjoka kali pamwamba pa n mu años. Ñ amamveka ngati "ny" wa mu nyama, ndiye mutchule "anyos". Mukakasiya n'kulemba anos mwatchula kotulukira chimbudzi, pa fomu ya sukulu n'zochititsa manyazi zedi. Anzathu a ku Tete ndi ku Angónia angapunthwe mosavuta apa, poti m'Chipwitikizi "tenho 21 anos" ndi zolondola. Pa foni dinikizani n osachotsa chala, ñ atulukira.

Manambala kuyambira 16 mpaka 29 amalembedwa liwu limodzi, dieciséis, veinticinco. Kuyambira 31 mumaika y pakati, treinta y dos. Nambala yothera ndi 1, kupatula yothera ndi 11 (once), imaduka mchira ikatsogolera años: powerenga mumati veintiuno, koma zaka ndi veintiún años, treinta y un años. Khanda lili ndi miyezi 6, tiene seis meses.

Pofunsa mnzanu, "¿Cuántos años tienes?" Ameneyo ndi "iwe". Kwa munthu wamkulu kapena bwana, "¿Cuántos años tiene usted?", monga momwe ife timanenera "inu". Funso limatsegulidwa ndi chizindikiro chozondoka, ¿, musachiiwale polemba.

Liwu lina loti mulipewe ndi embarazada. Limaoneka ngati "embarrassed" koma limatanthauza kuti ndinu woyembekezera. Ngati mukuchita manyazi nenani tengo vergüenza, tengo yemwe uja.