Achemwali, mwanayo atenge nyimbo ya The Bonnie Earl o' Moray

Achemwali ndaona funso lanu mu gulupu muno, loti kusukulu amuuza mwana wanu asankhe nyimbo imodzi yakale ya kuno ku Scotland afotokoze komwe inachokera, ndiye inu mwasowa poyambira poti munakulira kumudzi. Ine ndikuti atenge The Bonnie Earl o' Moray basi. Ambiri akuuzani Tam Lin kapena Thomas the Rhymer, ndi zokoma ndithu koma nkhani zake nzamizimu, ndipo Tam Lin muli nkhani ya mimba yomwe mwina simungafune mwana aziifotokoza pamaso pa kalasi. Iyi ya Moray ubwino wake munthu wake analikodi, tsiku lomwe anaphedwa limadziwika, malo ake alipo mpaka lero, ndiye mwana atha kusiyanitsa bwinobwino zomwe zinachitikadi ndi zomwe anthu anawonjezera poimba, zomwe aphunzitsi amafuna kwambiri ndi zimenezo.

Nkhani yake ili chonchi. Munthuyo anali James Stewart, Earl wachiwiri wa Moray, udindowo anaupezera kuukwati chifukwa anakwatira Elizabeth mwana wa Earl woyamba. Kumpoto kwa Scotland kunali banja lina lamphamvu la a Gordon, mtsogoleri wawo George Gordon, Earl wa Huntly, ndipo mabanja awiriwa ankalimbirana malo ndi ulamuliro kwa nthawi yaitali, anthu awo kumaphana. Kuwonjezera apo Huntly anali wa Katolika pomwe Moray anali mbali ya Chipulotesitanti, ndiye mkangano wa malo unasakanikirana ndi wa tchalitchi. Mfumu James VI inkamukayikiranso Moray kuti akugwirizana ndi Earl wa Bothwell yemwe ankaivutitsa kwambiri, mpaka inapereka chilolezo chomugwira Moray, ndipo chilolezocho chinali m'manja mwa Huntly, mdani wake weniweni.

Pa 7 February 1592 Moray anali ku Donibristle ku Fife, kunyumba ya mayi ake m'mphepete mwa Firth of Forth, akuyembekeza kuti akuluakulu awayanjanitsa. Huntly anawoloka ndi anthu ake, anazinga nyumba nkuiyatsa moto. Moray anathawira kumiyala ya kugombe koma anamupeza nkumupha komweko. Apa mpamene nthano zikuyambira, anthu amati chinamuulula mumdima ndi moto womwe unagwira zokongoletsa za chipewa chake chankhondo, amatinso Huntly atamucheka kumaso ndi mpeni iye anamuuza kuti waononga nkhope yabwino kuposa yake. Mwana polemba izi aziti "anthu amati", asazilembe ngati zotsimikizika.

Chimene chimandikhudza mtima ine ndi mayi ake, Margaret Campbell. Mayiyu sanalole kuti nkhani ingozizira, anauza wojambula ajambule mtembo wa mwana wake uli chigonere mabala onse akuoneka, pamwamba pake nkulembapo mawu opempha Mulungu kuti abwezere, ndipo chithunzicho chilipobe, chimasungidwa ku Darnaway Castle kufupi ndi Forres, pa intaneti muchipeza koma muyambe mwachiona nokha musanamuonetse mwana. Mtembo unakhala zaka zingapo osaikidwa m'manda abale akudikira chilungamo. Anthu a ku Edinburgh ndi abusa anakwiya koopsa. Nanga Huntly? anangomusunga masiku ochepa ku Blackness Castle nkumumasula, pofika 1599 mfumu yomweyo inamukweza kukhala Marquess, ndipo patapita zaka mwana wamwamuna wa Moray anakwatira mwana wamkazi wa Huntly pofuna kutseka mkangano.

Ndiye mukaimvetsera nyimboyi mudziwe kuti si yolira maliro chabe ayi, ndi mlandu womwe anthu wamba anauimba poti kubwalo sunaweruzidwe, monga mmene amayi kwathu amaimbira nyimbo zapamtondo pamene zinthu sangazinene maso ndi maso. Muli ndime yomwe mfumu ikudzudzula Huntly kuti ndinakutuma ukabwere naye, sindinati umuphe, ena amaimva ngati ikuyeretsa mfumu koma ine ndimaona kuti ikuikumbutsa kuti amene anatuma ndi iyeyo. Nyimboyi imatinso Moray anali wokondedwa wa mfumukazi, kutanthauza Anne wa ku Denmark mkazi wa James, kukhala ngati mfumu inachita nsanje. Umboni woti panali chibwenzi palibe, koma taonani mmene mphekesera ikhalira moyo zaka zoposa 400 chifukwa inalowa mu nyimbo. Kumapeto imati mayi wina adzayang'ana nthawi yaitali ali pa Castle Doune, nyumba ya banja la Moray, osamuona Moray akubwera, ambiri amaganiza kuti ndi mkazi wake koma Elizabeth anali atamwalira kale mu 1591, ndiye nkutheka kuti woyang'anayo ndi mayi ake omubereka. Mwana akaitchula mfundo imeneyi aphunzitsi adziwa kuti wafufuzadi.

Chenjezo limodzi, m'malo ena muona 1591 ngati chaka chomwe anaphedwa, ngakhale pachithunzi chija. Si kulakwitsa, nthawi imeneyo ku Scotland chaka chatsopano chinkayamba pa 25 March, anasintha mu 1600, ndiye February wathu wa 1592 kwa iwo anali akadali 1591.

Mawu a nyimbo mukawafuna funsani kulaibulale za Child Ballads, Francis James Child anali pulofesa wa ku Harvard yemwe anasonkhanitsa nyimbo 305 zotere nkuzisindikiza pakati pa 1882 ndi 1898, iyi ndi nambala 181 ndipo ndi yaifupi, mwana atha kuiloweza. Chilankhulo chake ndi Scots osati Chingerezi chakusukulu, choncho ayambe wamvetsera oimba angapo pa YouTube asanayese kuwerenga, ndipo ngati muli ndi neba wachikulire wa konkuno mupempheni amuwerengere, ambiri amasangalala nazo zimenezi.

Ngati Loweruka lina muli ndi mpata kwerani naye sitima ku Edinburgh Waverley yopita ku Fife, muwoloka pa Forth Bridge nkutsikira pa Dalgety Bay, dera la Donibristle lili komweko ndipo pali kanjira koyenda pansi m'mphepete mwa nyanja. Nyumba yomwe inapsa ija musaiyembekezere, zomwe zilipo nzomangidwa pambuyo pake, koma gombe lake ndi lomwelo. Doune Castle ili kufupi ndi Stirling, amalipiritsa polowa ndipo nthawi yozizira maola otsegula amachepa, muyambe mwaona pa webusaiti ya Historic Environment Scotland musananyamuke.