Kodi nyumba ya Versailles kunali kungowononga ndalama?

Mphunzitsi wina wandilembera imelo. Akuti ana a m'kalasi mwake ataona chithunzi cha nyumba yachifumu ya Versailles, ku France, anamufunsa chomwe anthu ankamwazira chuma chonsecho pa makoma, iye n'kusowa chowayankha.

Aphunzitsi, yambani ndi nkhani ya Nicolas Fouquet, nduna yoyang'anira chuma cha boma. Iye anamanga nyumba ya Vaux-le-Vicomte ndipo pa 17 Ogasiti 1661 anaitanira Mfumu Louis XIV kuphwando. Mfumuyo inaona akasupe otumphukira m'mwamba, madenga ojambulidwa zithunzi, minda yoyalidwa ngati nsalu. Pa 5 Seputembala, tsiku lomwe inkakwanitsa zaka 23, inalamula kuti Fouquet amangidwe. Mlandu wosakaza ndalama za boma unali utakonzedwa kale, koma kumanga nyumba yoposa ya mfumu kunali ngati kuiderera. Fouquet anafera m'ndende ku Pignerol mu 1680. Amisiri ake atatu, Louis Le Vau, Charles Le Brun ndi André Le Nôtre, mfumu inawatengera ku Versailles.

Kamangidwe ka Baroque, komanga zazikulu ndi zokongoletsa kwambiri monga Versailles, cholinga chake n'chakuti wolowa adzione wamng'ono. Chipinda cha magalasi cha ku Versailles n'chotalika mamita 73 ndipo chili ndi magalasi 357, pa nthawi imene galasi lalikulu linali la olemera okha ndipo luso lake ankalibisa a ku Venice.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi mmene nyumbayi inamangira anthu. Ali mwana, Louis anaona akuluakulu a mabanja achifumu akuukira boma pa nkhondo ya Fronde, 1648 mpaka 1653, ndipo sanaiwale. Atasamutsira boma ku Versailles mu 1682, wofuna udindo kapena mphatso ya mfumu ankayenera kuonekera kumeneko atavala zodula, ali ndi ngolo, akavalo ndi antchito, usiku n'kumatchova juga. Kuchita malonda ang'onoang'ono kukanamuchotsera ulemu wake, ndiye ambiri anagwa m'ngongole n'kumadalira mfumu yomweyo. Mpaka kugwirira mfumu kandulo ikamapita kokagona anthu ankakulimbirana.

Anawo muwauzenso kuti mfumunso zinaikhudza. Mu 1689 nkhondo itafuna ndalama, matebulo ndi zoikapo nyale zasiliva za m'chipinda cha magalasi chija anazisungunula n'kupangira makobidi.