Msuweni, za bambo ako ndi njanji ya ku Nacala

Eee, msuweni... uthenga wako ndauona, ndinali kuchigayo, netiweki kulibe. Wafunsa kuti bambo ako anali gulu liti la asilikali, chifukwa mmisiri wa chiliza akudikira mawu oti alembe. Chabwino. Koma iwe mkazi wanga wa pachisuweni ndimakudziwa, ukapempha mchere ndiye kuti ukufuna ndiwo. Chikukuvuta si nambala ya gulu ayi. Chikukuvuta ndi zija analankhula amalume aang'ono pamaliro, zoti achimwene awo nkhondo sanaimenyeko, anali mlonda wa njanji basi. Nkhope yako ndinaiona tsiku lija.

Ndiye ndiyambe ndi iwowo. Ndikudziwa ali m'gulu lathu la pafoni muno, amangowerenga osayankha. Muli bwanji amalume? Hehe.

Iwe unali wamng'ono, sungakumbuke. Pofika 1984 njanji zonse ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala, zinali zitafa, a Renamo, gulu lomwe linkamenyana ndi boma la Mozambique, ataziphwasula. Feteleza, mafuta, mchere, zonse zinayamba kudzera pamsewu, ulendo wautali wochokera ku Durban. Amalume aang'onowo ndi nthawi imene anapeza ntchito yoyendetsa thiraki. Njira yake inali Mwanza, Zobue, kuwoloka mlatho wa Zambezi pa Tete, mpaka Nyamapanda kulowa Zimbabwe. Ndipo sumangonyamuka wekha ngati wopita ku Balaka ayi. Mumagona pa Zobue, pansi pa thiraki, kudikira kuti magalimoto achuluke, kenako asilikali a Zimbabwe atsogole, ena pakati, ena kumbuyo, mdipiti wonse uyende. Tayala likaphulika panjira, mtima umakhala m'mwamba. Zimenezo sindikuwatsutsa, anaziona ndithu.

Koma nkhani ya chipolopolo chomwe chinaboola thiraki yawo ija... aaa. Poyamba bowo linali limodzi, pachitseko cha mbali ya wothandizira, ine ndinalowetsamo chala ndili mwana, ku Ntcheu kuja ataimika thiraki pafupi ndi mtengo wa mango wa agogo. Limodzi. Paukwati wanga mabowo anali atatu. Khirisimasi yathayi akuuza ana anga kuti chitseko chonse chinachoka, anayendetsa kuchokera ku Tete mphepo ikuwomba. Ndiye agogo ankawakonda bwanji! Akabwera ndi sopo ndi majarini a ku Zimbabwe mudzi wonse unkadziwa. Bambo ako akabwera, ankabwera ndi chikwama chobiriwira chokha, n'kukagona. Wamva kusiyana kwake? Wina anabwera ndi nkhani, wina anabwera ndi tulo. Nanga pamudzi atchuke ndani?

Iii, ndasochera. Ndimati chiyani... eya, gulu lija.

Bambo ako anali ku Zomba, Cobbe Barracks, ndiye kuti First Battalion ya Malawi Rifles. Gulu limenelo ndi lakale, ndi lomwe lija agogo ankati a Keyala, King's African Rifles, linangosintha dzina titalandira ufulu mu 1964. Lachiwiri lili ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, lachitatu ku Moyale ku Mzuzu. Koma mmene anapezekera ku Mozambique ndiye nkhani. Nkhondo inali ya eni ake, Frelimo ndi Renamo, kuyambira 1977. Ife a Frelimo, omwe anali boma, ankatinena kuti tikusunga a Renamo. Mu Seputembala 1986 mtsogoleri wa Mozambique Samora Machel, Kaunda ndi Mugabe anabwera ku Blantyre kudzamuuza Kamuzu maso ndi maso, ndipo Machel atabwerera kwawo anaopseza zotseka malire ndi kuikapo mizinga. Mwezi wotsatira, pa 19 Okutobala, ndege ya Machel inagwa ku Mbuzini ku South Africa, iye n'kufera pomwepo. Zinthu zinafika poipa, anthu anakagenda ofesi ya kazembe wathu ku Maputo. Disembala yomweyo maboma awiri anasainirana pangano la chitetezo, Chissano atalowa m'malo mwa Machel, ndiye mu 86... ayi, 87, mu 1987 asilikali athu anawoloka pa Nayuchi kukalondera njanji ya ku Nacala. A Zimbabwe anali pa ya ku Beira, ife pa iyi: Entre Lagos, Cuamba, Malema, kulowera ku Nampula.

Tsono tamvera, msuweni. Kulondera njanji kumeneko sikunali kukhala pampando ndi tochi. Usiku anthu amamasula zitsulo za njanji, amakwirira mabomba pansi, amabisala m'tchire kudikira sitima. M'mawa wina ayende wapansi kutsogolo, maso pamiyala, kuyang'ana pomwe pafukulidwa, sitima ikukwawa pambuyo, okonza njanji akugwira ntchito mfuti zitawazungulira. Woyenda kutsogoloyo anali ndani? Bambo ako ndi anzawo. Ena sanabwereko amoyo, ndipo nthawi ya Kamuzu zoterozo sizinkalengezedwa pawailesi mwachisawawa. Nkhondo ya kumeneko inali njanjiyo. Chimene ankachifuna a Renamo ndi njanjiyo, ndiye woilondera anali pakati penipeni.

Ukukumbuka mmene ankayendera popita kudimba? Pakati pa njira, kuponda pomwe paponda kale munthu, m'mbali mwa udzu ayi. Tsiku lina ndinamenya chitini chakale chokwiririka theka panjira, anandigwira khutu mpaka linatentha. Ine ndinkati ndi nkhanza za usilikali. Anamwalira akuyendabe choncho.

Ndipo kwathu kuja nkhondoyo tinkaiona ndi maso. Pa Lizulu, pa Biriwiri, msewu ndiwo malire, tsidya linalo masitolo ali mabwinja, mbali yathu misasa ya othawa kwawo. Anafika pafupifupi miliyoni m'dziko muno. Mtendere anakasainira ku Rome pa 4 Okutobala 1992, athu anabwerako mu 1993, asilikali a United Nations atatenga malo awo. Sanapumenso bwino, Disembala wa chaka chomwecho kunabwera Operation Bwezani, kulanda zida Apayoniya. Komatu wina asadzakusokoneze, bambo ako sanakhalepo Payoniya, azakhali aja amangosakaniza mayunifolomu.

Ndiye ukamva "mlonda wa njanji" usamagwetse nkhope. Eya, anali mlonda wa njanji, ndipo kumeneko ndiye kunali kufera anthu. Wamva? Nkhondo anaimenya, kungoti sanali olankhula.

Amalume aang'ono, ndaona timizere tabuluu, mwamvera. Tiuzeni, panopa mabowo afika angati?