Kuchokera ku Area 25 kupita ku City Centre pa njinga: njira iti, liwiro lanji?

Bambo wina wokhala ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe wandilembera kalata pa imelo. Iwo akuti mitengo ya minibasi yawatopetsa, choncho agula njinga yakapalasa ya magiya, ya pakaunjika, kuti azipitira kuntchito ku City Centre, kumene amayenera kukhala atafika pofika 7:30 m'mawa. Foni yawo ikuonetsa kuti ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 12. Funso lawo lili pawiri. Akufuna kudziwa ngati kuli bwino kudzera msewu wa M1 cha ku Kanengo kapena msewu wa Kaunda wodutsa ku Area 49, ndiponso akufunsa liwiro loyenera, popeza masiku oyambawa akhala akufika ku ofesi malaya atanyoweratu ndi thukuta, miyendo ikunjenjemera, pamene nthawi imene akuipulumutsa ndi yochepa kwambiri.

Bambo, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndiyamba ndi nkhani ya liwiro, chifukwa mukaimvetsa imeneyi, kusankha njira sikudzakuvutani.

Tiwerengetsere pa mtunda wanu womwewo. Mukamayenda makilomita 15 pa ola, ulendo wa makilomita 12 umakutengerani mphindi 48. Mukafika pa makilomita 18 pa ola mumatenga mphindi 40, pa 20 mumatenga mphindi 36, ndipo pa 25 mumatenga mphindi pafupifupi 29. Poona manambalawa munthu angaganize kuti nzeru ndi kupalasa mwamphamvu, koma thupi limalipira modula kuposa mmene manambalawo akuonetsera. Chimene chimabweza wapanjinga pamsewu wosalala kwenikweni ndi mpweya umene akuung'amba, ndipo mphamvu yofunika kuti auphonyole imakula mofulumira kwambiri kuposa liwiro lenilenilo. Kuchoka pa makilomita 15 kufika pa 20 pa ola, mphamvu yolimbana ndi mpweya imawirikiza kopitirira kawiri, ndipo kuchoka pa 20 kufika pa 25 imawirikizanso pafupifupi kawiri. Ndiye kuti mphindi 7 zimene mumapindula pakati pa 20 ndi 25 mumazigula ndi ntchito yaikulu zedi. Komanso mwa mphamvu zonse zimene minofu imatentha popalasa, gawo limodzi lokha mwa magawo anayi, mwinanso kucheperapo, ndilo limayendetsa njinga, pamene zotsalazo zimasanduka kutentha m'thupi, ndipo thupi lilibe njira ina yozichotsera koma thukuta. Apa ndi pamene pakuchokera malaya onyowa aja.

Muyeso wa liwiro labwino la kuntchito suli pa foni, uli pa mpweya wanu. Muzipalasa mwakuti mutakumana ndi mnzanu n'kumayenda naye limodzi, mutha kulankhula naye chiganizo chathunthu popanda kudukiza ndi wefuwefu. Ngati mukungotha kutulutsa mawu awiri kapena atatu n'kuyamba mwapuma kaye, mwapitirira muyeso. Kwa munthu amene wangoyamba kumene, pa njinga ya matayala akuluakulu ngati yanuyo, liwiro lotere kawirikawiri limakhala pakati pa makilomita 14 ndi 18 pa ola mukawerengera ulendo wonse, ndipo limakwera lokha pakapita masabata angapo popanda inu kudzikakamiza. Taonani mmene amapalasira akabaza a njinga zakapalasa amene akhalitsa pa ntchito yawo. Iwo sathamanga kwenikweni, koma saimanso mwachisawawa, ndipo mphamvu imene amayamba nayo m'mawa amafika nayo madzulo, kumbuyo atanyamula munthu.

Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri kwa anthu amene agula njinga ya magiya koyamba n'choika giya yolemera n'kumaponda mapedulo pang'onopang'ono ndi mphamvu zonse, poganiza kuti kulemerako ndiko kuthamanga. Kupalasa kotere kumatopetsa ntchafu msanga ndipo kumapweteka mawondo. Sankhani giya yopepuka yoti miyendo izizungulira maulendo 70 mpaka 90 pa mphindi imodzi, ndipo mutha kudziyesa powerenga kuti bondo limodzi lakwera kangati m'masekondi 15, kenako n'kuchulukitsa kanayi. Pa chitunda musalimbane n'kusunga liwiro limene munali nalo pamalo athyathyathya. Tsitsani giya musanayambe kukwera, chifukwa tcheni chimavuta kusintha mukachikoka kale mwamphamvu, ndipo lolani njinga ichedwe pamene kupuma kwanu kukukhala chimodzimodzi. Onaninso chishalo. Anthu ambiri amachiika pansi kwambiri n'cholinga choti azitha kuponda pansi ali chikhalire, koma chishalo choyenera ndi chimene chimachititsa kuti bondo lingopindika pang'ono pamene pedulo yafika pansi penipeni. Matayala nawo azikhala opopa mokwanira monga mwa nambala imene inalembedwa m'mbali mwake, chifukwa tayala lofewa limakoka njinga ndiponso limaponcha msanga mukagunda m'mphepete mwa dzenje.

Pa nkhani ya thukuta pali zinthu ziwiri zosavuta. Chikwama chichoke kumsana chipite pa kaliyala, ndipo mphindi 10 zomaliza za ulendo muzipalasa modekha ndithu, kuti thupi liyambe kuzizira mphepo ikadakuombani. Munthu amene wathamanga mpaka pageti amatuluka thukuta lambiri atakhala kale pampando mu ofesi, chifukwa kutentha kukadali m'thupi pamene mphepo yoziziritsa yatha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala palibe liwiro limene lingakutetezeni kotheratu, choncho malaya a kuntchito aziyenda m'chikwama n'kukavalidwa mukafika.

Tsopano tibwere ku njira. Foni imasankha msewu poganizira galimoto, ndipo siidziwa pamene m'mphepete mwa phula mwadyeka, pamene mchenga waunjikana, kapena pamene maminibasi amaima mosakonzekera. Wapanjinga ayenera kuyeza njira ndi mafunso ena: kodi magalimoto amene akundipitirira akuthamanga kuposa ine motani, kodi pali malo okwanira oti andidutse osandikhudza, ndipo kodi ndi kangati pamene njira yanga ikudutsana ndi ya galimoto? Funso lachitatuli limakhudza chitetezo ndi nthawi yomwe. Nthawi iliyonse mukaima pa mphambano kapena kumbuyo kwa minibasi imene ikutsitsa anthu, liwiro limene munalisonkhanitsa limathera m'mabuleki, ndipo muyenera kuligulanso ndi miyendo. Njira yotalikirapo ndi kilomita imodzi imangowonjezera mphindi 4 kwa munthu woyenda makilomita 15 pa ola, ndipo ngati ili ndi malo oimaima ochepa, mphindi zimenezo zimabwerera zokha, inu n'kufika musanatope.

Msewu wa M1 ubwino wake ndi wakuti umayenda molunjika ndipo umalola kupalasa mosadukiza kwa nthawi yaitali. Vuto lake ndi mtundu wa magalimoto amene amaudzera. Ku Kanengo ndi kumene kuli mafakitale, nkhokwe zikuluzikulu za chimanga, mosungira mafuta ndiponso msika wa fodya, choncho mathiraki ndi mathankala ndi anzanu a tsiku ndi tsiku pamsewu umenewu, ndipo amachuluka kwambiri msika wa fodya ukatsegulidwa, kawirikawiri cha mu Epulo, mpaka nyengo yozizira itadutsa. Thiraki yaitali ikamakupitirani pafupi, mphepo yake imayamba yakukankhirani kunja kenako n'kukukokerani kumatayala ake, ndipo ikamakhotera kumanzere matayala akumbuyo amadula ngodya n'kudutsa mkati mwa pamene adutsa akutsogolo. Pa chifukwa chimenechi musalowe konse pakati pa thiraki ndi m'mphepete mwa msewu pafupi ndi mphambano, ngakhale itaima ndipo mpata ukuoneka. Dalaivala sakuonani pamenepo. Dikirani kumbuyo kwake, pamalo poti inu mukuona galasi lake la m'mbali.

Njira ya ku Area 49, yodzera msewu wa Kaunda mpaka pa raundabauti ya pafupi ndi bwalo la zamasewera la Bingu, ili ndi mavuto amtundu wina. Kumeneko mukulimbana ndi maminibasi amene amapatukira kumanzere akangoona munthu wakweza dzanja, njinga zamoto zimene zimatulukira kulikonse, ndi anthu oyenda pansi pafupi ndi masiteji ndi misika. Zinthu zimenezi zimachedwetsa ndipo zimafuna maso, koma zambiri zimachitika pa liwiro locheperapo, ndipo munthu wozolowera amayamba kuziona zisanachitike. Kondakitala akatulutsa mutu pawindo n'kumaitana, dziwani kuti minibasiyo ipatuka posachedwa, ndipo malo anu ndi kumbuyo kwake kapena kumanja kwake, osati kumanzere.

Njira ziwirizi zimakumana pa interchange ya pa Area 18 (mphambano imene msewu wina umadutsa pamwamba pa unzake), imene inatsegulidwa mu 2020, ndipo m'maganizo anga malo amenewa ndi amene ayenera kukuthandizani kugamula. Anawamanga kuti magalimoto azilowa ndi kutuluka osaima, zomwe n'zabwino kwa oyendetsa galimoto koma n'zovuta kwa wapanjinga, chifukwa timisewu tolowera ndi totulukira timadula mzere wa kumanzere umene iye amayendamo. M'mawa, mukamachokera ku Kanengo n'kumalowera ku Nyumba ya Malamulo, mbali ya ku City Centre, mumakhotera kumanzere, ndipo simufunika kudutsa kutsogolo kwa magalimoto othamanga. Madzulo nkhani imatembenuka, pakuti kubwerera ku Kanengo ndi kulowera kudzanja lamanja, pamene wopita ku Area 49 amangopitirira kutsogolo. Choncho palibe lamulo lakuti njira yopitira ikhale yomweyo yobwererera. Ndikanakhala ine, ndipo nyumba yanga ikanakhala mbali ya Area 25 yoyandikira ku Kanengo, ndikanadzera M1 m'mawa kwambiri magalimoto asanachuluke, n'kubwerera ku Area 49 madzulo, ndipo nyengo ya fodya ndikanaisiyiratu M1. Ngati mumakhala mbali yoyandikira Area 49, palibe chifukwa chokasakira mathiraki ku Kanengo. Podutsa pakamwa pa timisewu ta pa interchange paja, yang'anani kumbuyo nthawi ikadalipo, onetsani ndi dzanja kumene mukupita, ndipo ngati magalimoto achuluka, tsikani n'kukankha njinga. Zimenezi zimangodya mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo palibe chochititsa manyazi.

Pali chinthu china chimene anthu ambiri sachiganizira, chomwe ndi dzuwa. Kuchokera ku Area 49 kudzera pa Area 18 kupita ku City Centre mumayang'ana chakum'mawa, ndipo pobwerera mumayang'ana chakumadzulo, kotero kuti maulendo onse awiri mungakumane ndi dzuwa lili pansi, likuthobwa m'maso. Kuthobwa kwa inu si vuto lalikulu. Choopsa ndi dalaivala wa kumbuyo kwanu, amene akuyang'ana dzuwa lomwelo kudzera pa galasi lafumbi ndipo mwina sakukuonani n'komwe. Chizindikiro chake n'chosavuta: ngati dzuwa lili kutsogolo kwanu ndipo chithunzithunzi chanu chatalika kumbuyo, yendani ngati munthu amene sakuoneka. Mu Juni dzuwa limalowa 5:30 isanakwane, ndiye ngati mumaweruka 5 koloko, gawo lomaliza la ulendo wanu lidzakhala la kachisisira kapena mumdima weniweni. Nyali yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo ndi jekete yonyezimira si zodikira kuti mudzagule m'tsogolo, ndipo chipewa chodzitetezera kumutu chikhale pamutu ulendo uliwonse.

Za tinjira tachidule ta fumbi todutsa m'makomo ndi m'madambo ndinena mwachidule. M'chilimwe, masana, tina timathandizadi kupewa malo oipa a msewu waukulu. Mvula ikayamba cha mu Disembala, matope amamatirira m'mabuleki ndi mutcheni, ndipo mabuleki onyowa amachedwa kugwira, choncho nthawi imene mumafuna kupulumutsa imathera pokankha ndi kutsuka. Kukada, musadzere malo opanda anthu, pakuti njinga ndi foni ndi katundu amene akuba amamufuna.

Musayese njira Lamlungu n'kugamula, chifukwa msewu wa Lamlungu suli wofanana ndi wa Lolemba. Tsiku lopuma lingakuthandizeni kuona pamene pali maenje, zitunda ndi okonza njinga oti angakumatireni chubu, koma chigamulo chenicheni chichokere pa masiku a ntchito, pa ola limene muzidzanyamukadi. Yesani njira iliyonse kwa masiku angapo pa liwiro lotha kulankhula lija, ndipo muzilemba zinthu ziwiri: mphindi zimene mwatenga, ndi malo amene mtima unagunda chifukwa cha mantha osati chifukwa cha chitunda. Njira imene ili ndi malo oterowo ochepa ndi imene muitenge, ngakhale itakhala yotalikirapo. Pa mtunda wanu ndikulangizani kuti muzinyamuka cha m'ma 6:15. Mukatero mudzakhala ndi mphindi pafupifupi 50 zopalasa modekha, mphindi 10 zosambitsa kumaso ndi kusintha malaya, ndi zina 15 zosungira tsiku limene tayala lidzaphwa panjira, malinga ngati pampu, zigamba ndi solushoni zili m'chikwama.