Kodi Totti adadzitaya pokhalira ku Roma?

Kalata yandipeza kuchokera kwa wowerenga wina wa ku Zomba. Akuti akhala akukangana ndi mlamu wawo, yemwe amati Francesco Totti adawononga luso lake pokakamira timu ya Roma moyo wake wonse m'malo mopita ku Real Madrid. Ndiye akufuna ndiwaweruze.

Achimwene, alamu anuwo sakunama pa nkhani ya zikho. Totti adayamba kusewera m'timu yaikulu ya Roma mu March 1993 ali ndi zaka 16, nkudzasiya mpira mu May 2017 ali ndi zaka 40. M'zaka zonsezo ligi ya Italy adaitenga kamodzi kokha, mu 2001, pansi pa mphunzitsi Fabio Capello, akusewera limodzi ndi Batistuta ndi Montella. Onjezanipo Coppa Italia kawiri, mu 2007 ndi 2008. Champions League sadainunkhe. Ku Madrid, komwe adamufunadi, zikho zikadachuluka.

Koma funsani alamuwo kuti Roma idatenga ligi kangati chiyambire. Katatu basi: 1942, 1983 ndi 2001. Ndiye ganizirani mwana wobadwira mumzinda womwewo, yemwe mayi ake adakana kuti AC Milan imutenge ali wachichepere, atavala lamba wa kaputeni nkumwetsa chigoli pa tsiku lomwe Roma idagonjetsa Parma 3-1 ndi kutenga chikhocho mu 2001. Ku Madrid akadakhala mmodzi mwa akatswiri ambirimbiri, ndipo kumeneko sachedwa kukuiwala. Ine ndimaona kuti munthuyu adadziwa chimene ankafuna.

Luso silidazilale ayi. Adasewerera Roma masewero 786 nkumwetsa zigoli 307. Mu ligi mokha adagoletsa 250, ndipo womuposa ndi Silvio Piola yekha. Mu 2007 adalandira Golden Shoe, mphoto ya omwetsa zigoli ku Ulaya, ndi zigoli 26 za mu ligi. Nkhani imene imandigwira mtima ndi ya 2006. Mu February adathyoka mwendo akusewera ndi Empoli, madokotala nkumuika zitsulo. Mphunzitsi wa timu ya dziko la Italy, Marcello Lippi, adamudikira, nkupita naye ku World Cup asadachire bwinobwino. Pa masewero ndi Australia, nthawi itatheratu, Italy ili ndi anthu khumi, Totti ndiye adatenga penate ija nkuiponya mu ukonde. Chikho adabwera nacho kwawo.

Sikuti adali mngelo. Ku Euro 2004 adalavulira malovu Christian Poulsen wa ku Denmark, nkuletsedwa masewero atatu. Zimenezo masapota ake sitikonda kuzikumbuka.

Pamene ndingagwirizane ndi alamu anu mpa mapeto. Zaka ziwiri zomaliza zidali zowawa. Mphunzitsi wa Roma, Luciano Spalletti, ankamusiya pa benchi, nkumamulowetsa kutatsala mphindi zochepa, awiriwo nkumakokana poyera. Timu idasowa pogwira: ukamuchotsa bwanji munthu amene mzinda wonse ukuyimba dzina lake? Kukhalitsa pamalo kuli ndi mtengo wake, ndipo Totti adaulipira ali pa benchi.

Pa 28 May 2017 Roma idagonjetsa Genoa 3-2, Totti atalowa chigawo chachiwiri. Mpira utatha adazungulira bwalo la Olimpico ndi ana ake, nkuwerenga kalata momwe adavomera kuti akuchita mantha ndi moyo wopanda mpira. Abambo akuluakulu a ndevu zawo ankalira ngati pa maliro. Kanemayo alipo pa YouTube, mukawaonetse alamuwo.