Kodi ma ARV amalimbananso ndi khansa?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti mchimwene wawo anali ndi mawanga akuda otupa m'miyendo, kuchipatala anawauza kuti ndi khansa ya Kaposi, koma atayamba ma ARV mawangawo anayamba kufota. Ndiye akufunsa: kodi mankhwala a HIV amachizanso khansa?

Mayi, zimene mwaonazo zimachitikadi. Khansa ya Kaposi imayamba ndi kachilombo kena, HHV-8, kamene Yuan Chang ndi Patrick Moore anakapeza mu 1994. Munthu akhoza kukhala nako zaka zambiri kali phee, chifukwa chitetezo cha mthupi chimakapondereza. HIV ikafooketsa chitetezocho, kamadzuka. Choncho nthawi zambiri si ma ARV amene amapha khansayo. Iwo amangobwezera mphamvu asilikali a mthupi, ndipo asilikaliwo ndi amene amagwira ntchito.

Komatu funso lanu asayansi nawonso linawasowetsa tulo. Mu 2002 ofufuza a ku Italy anaona kuti indinavir ndi saquinavir, mankhwala a HIV, ankalepheretsa zotupa mu mbewa kumera timitsempha ta magazi tozidyetsa. Nelfinavir, mankhwala enanso a HIV amene anavomerezedwa ku America mu 1997, amasokoneza njira imene maselo a khansa amadalira kuti asafe, ndipo wayesedwapo pa odwala khansa zosiyanasiyana. Ku Nairobi anayesa kuika lopinavir, amenenso ndi mankhwala a HIV, pakhomo la chiberekero mwa amayi amene HPV, kachilombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, kanayamba kuwononga maselo awo. Chimene chimandisangalatsa ine ndi mbiri ya AZT: Jerome Horwitz anaupanga mu 1964 kuti ukhale mankhwala a khansa, unalephera, n'kudzakhala mankhwala oyamba a HIV mu 1987.

Chovuta chili apa. Mankhwala ngati ganciclovir, amene si a HIV koma olimbana ndi tizilombo ta m'gulu la HHV-8, amagwira kachilombo pamene kakuswana, koma m'maselo ambiri a chotupa HHV-8 kamakhala kali mtulo. Ndi chimodzimodzi Epstein-Barr, kachilombo kamene kamayambitsa khansa zina za m'maanabere. N'chifukwa chake ofufuza ena akuyesa kuyamba akadzutsa dala kachilomboko kenako n'kukapha pamodzi ndi selo lake.

Zonsezi zikadali pa kafukufuku, ndiye mchimwene wanu asadumphe masiku okaonana ndi dokotala poti mawanga akufota. Mawanga akafalikira mkamwa, kapena iye akayamba kubanika ndi kutupa miyendo, pamafunika kuwonjezera mankhwala enieni a khansa monga paclitaxel. Kwa ena mawangawa amayamba akula m'miyezi yoyambirira ya ma ARV, pamene chitetezo chikudzuka. Zikatero asasiye kumwa, athamangire kuchipatala.