Funsani Achemwali: Ndilembe zophana za mumzinda wa eni?

FUNSO: Achemwali, ndili ku Edinburgh ku Scotland pa sukulu ya chaka chimodzi, ndikuphunzira zolembalemba. Ndikufuna kulemba buku la nkhani yopeka, zija za munthu waphedwa wapolisi nkumafufuza, koma ndikangoyamba ndimadziona ngati wakuba, mzindawu ndimangoudziwira pawindo la basi. Nkhaniyi ndiiyike kunoko kapena ku Ndirande komwe ndinakulira? Wanu, wa ku Ndirande.

YANKHO: Mng'ono wanga, wagwera mumphika weniweni wa nkhani zimenezi ndiye ukufuna uthawirenso ku Ndirande? Arthur Conan Doyle anabadwira konko mu 1859, ndipo Sherlock Holmes, wofufuza milandu wa m'mabuku ake, anamuumba poonera mphunzitsi wake wa zaudokotala, Joseph Bell, yemwe ankangoyang'ana wodwala nkumuuza ntchito imene amagwira. Mu 1828 Burke ndi Hare anapha anthu 16 nkumagulitsa mitembo kwa Dr Robert Knox kuti ophunzira azing'amba, Burke atanyongedwa nayenso anamung'amba, mafupa ake alipobe ku yunivesite konko. Koma zimenezo usazikhudze ayi, aliyense wobwera ndi kamera amazilemba, zinatha kukoma ngati chingamu chotafunidwa kale.

Iwe tsika basiyo. Pita kukhoti la Sheriff Court pa Chambers Street ukakhale pa benchi ya anthu wamba m'mawa wonse, salipiritsa, umve mmene woba foni amayankhulira, mmene mayi ake akufinyira kathishu kumbuyoko. Ukazindikiranso kuti malamulo a ku Scotland si a ku England, wozenga milandu amamutchula procurator fiscal ndipo jury, gulu la anthu wamba logamula ngati munthu walakwa, imakhala ya anthu 15 osati 12, ukaphonya pamenepo owerenga akonko buku amalitseka pompo.

Kenako yenda timipata tija amati close, totsetsereka kuchoka mumsewu wa Royal Mile, makamaka mu Disembala pomwe 4 koloko isanakwane kwada kale, miyala ili noninoni ndi mvula. Zinatere ku Ndirande sukazipeza.

Ndipo za wapolisi wa ku Scotland woledzera zisiye, mlembi Ian Rankin wakhala akulemba za wapolisi wotere, dzina lake Rebus, kuyambira 1987, sungamupose. Wofufuza wako akhale mtsikana wa kwathu wogwira shifiti ya usiku kosamalira okalamba, amene waona kenakake koma akuopa kupita kupolisi poti mwina maola wapyola amene viza imalola. Ameneyo Rankin samudziwa. Ukalemba chaputala choyamba unditumizire.